Phunziro la Africa Liyambire pa Jukskei

 M'mawa uno maganizo anga ali pa aphunzitsi amene akukonza phunziro la mapiri, mitsinje ndi zigwa za mu Africa.

Ambiri amayambira pa mtsinje wa Nile kapena chipululu cha Sahara. Ine ndikuona kuti ndi bwino kuyambira pakhomo. Kasupe wa Jukskei ali pafupi ndi bwalo la Ellis Park, ndipo mtsinjewu umadutsa kwathu kuno ku Bertrams, mu Johannesburg, m'ngalande, utasenza zinyalala, zimene zimandiwawa mtima. Ana amaudziwa ndi fungo. Koma ndi angati adauzidwapo kuti madzi omwewa amakathira mu mtsinje wa Crocodile, kenako mu Limpopo, mpaka kukalowa m'nyanja ya mchere ya Indian pafupi ndi Xai-Xai ku Mozambique?

Johannesburg adamangidwa pamtunda wa Witwatersrand, mamita oposa 1,700 kuchokera pomwe yalekezera nyanja ya mchere. Mvula yogwa kummwera kwa mtundawu imatenga njira ina: Klip, Vaal, Orange, mpaka ku Atlantic. Mwana akamvetsa kuti mtunda umagawa madzi, mapu onse amayamba kumveka.

Ndiye pali mwana wobadwira kuno, makolo ake a ku Mangochi, amene sadaionepo nyanja ya Malawi. Aphunzitsi, muonetseni pomwe Shire amatulukira m'nyanjayo kupita ku Zambezi. Muuzeni kuti nyanjayo ili m'chigwa cha Rift Valley, pomwe nthaka idang'ambika n'kutitimira, n'chifukwa chake kwa agogo kumatentha kuposa kuno. Sahara ndi phiri la Kilimanjaro, la mamita 5,895, zibwere sabata yotsatira.