Agogo Obadwa pa 1 Januwale

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika pachimake m'zaka za m'ma 1980, midzi yambiri ya ku Tsangano ndi ku Macanga, ku Mozambique, inasanduka mabwinja. Malawi inasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo ndi ana obadwira m'misasa ya ku Ntcheu ndi ku Dedza, ambiri osalembedwa m'kaundula aliyense.

Lero boma la Mozambique likulemba anthu pa kompyuta kudzera m'nkhokwe ya e-SIRCEV, ndipo wolembedwa aliyense amapatsidwa nambala yake, NUIC. Koma nkhokwe za pa kompyuta nazo zimakalamba, maina n'kusamutsidwira mu ina, ndipo amisiri a ntchitoyi dziko lonse amadziwa pamene pamagona mwala: pa tsiku lobadwa. Nkhokwe ya MySQL kwa zaka zambiri inkalola kulemba 0000-00-00 ngati tsiku silikudziwika. Ya PostgreSQL imakana, chifukwa tsiku lotero kulibe. Wosamutsa amayenera kusankha: asiye danga lopanda kanthu, limene amisiri amalitcha NULL, kapena apeke tsiku.

Mlembi wa ku Furancungo amakumana ndi funso lomwelo maso ndi maso. Agogo akhala pa benchi, ndodo ili pakati pa miyendo. "Munabadwa liti, agogo?" Iwo akuti chaka cha dzombe, nthawi yokumba mbatata. Yankho lawo ndi loona, koma fomu ikufuna manambala. N'chifukwa chake m'maiko ambiri othawa nkhondo miyandamiyanda ali ndi tsiku limodzi lobadwa, 1 Januwale.

Kodi kumeneku n'kuchitira mnzako umboni wonama, kumene Malamulo Khumi amaletsa? Ena amati ayi, n'chifundo: popanda tsiku chiphaso cha BI sichituluka, ndipo popanda chiphaso munthu amavutika ku banki, ku sukulu ngakhale pa chipata cha Biriwiri. Mfundo yawo ndi yolemera ndithu. Komabe tsiku lopeka limaiwala msanga kuti linapekedwa. Likadutsa m'nkhokwe ziwiri kapena zitatu limafanana ndi la mwana wobadwira m'chipatala namwino akuyang'ana wotchi, ndipo mlembi akaphonya ndi zaka zisanu, agogo adzauzidwa kuti sanakalambe mokwanira kulandira thandizo la okalamba la bungwe la boma la INAS. Mwini thupi adzatsutsa bwanji makina?

Kaundula wa ubatizo, ngati wa ansembe a Chijezuiti ku mishoni ya Fonte Boa ku Tsangano, ali ndi tsiku limodzi losakayikitsa: limene wansembe anathira madzi ndi dzanja lake, mboni zilipo. Zina zonse anachita kumva. Kusiyanitsa chimene munthu anaona ndi chimene anauzidwa ndiwo mutu wa umboni, kutchalitchi ngakhale pa bwalo la mfumu.

Choncho mlandu waukulu suli pa mlembi wa pa tebulo, amene ali ndi mzere wa anthu panja. Uli pa wokonza nkhokwe. Iye angathe kuika danga lina pambali, lonena kuti tsikuli n'longoganizira ndipo analinena ndi wakutiwakuti. Vuto n'lakuti nkhokwe yatsopano ikapanda malo ake, wosamutsa wothamangira nthawi amalisiya m'mbuyo, n'kuuza akuluakulu ake kuti maina onse afika bwino, chifukwa chiwerengero cha mizere chagwirizana.