Yisiti wa Paul Nurse ndi makhololo a ku Chilumba

Mphunzitsi mnzanga wa sayansi kuno ku Karonga anandiuza mawu amene akundisowetsabe mtendere. Chaka ndi chaka amaphunzitsa za kugawikana kwa maselo, koma akuti amangofuna kuti ana akhoze mayeso a MSCE. "Achimwene, zofufuza mmene selo limagawikira n'za anthu okhuta. Ife tikufuna mankhwala." Ine ndikukana, ngakhale mbali ina ya mawu akewo yandikanika kuitaya.

Wasayansi Paul Nurse anathera unyamata wake akuyang'ana yisiti. Ali ku Edinburgh m'zaka za m'ma 1970, ankafuna kudziwa chimene chimauza selo kuti lakula mokwanira, tsopano ligawike pawiri. Anapeza kuti jini yotchedwa cdc2 ndiyo imatsegula khomo limenelo. Mu 1987, iye ndi Melanie Lee anaika majini a munthu mu yisiti amene jini yakeyo inali yowonongeka, ndipo imodzi mwa majiniwo inamuchiritsa, nayambanso kugawikana. Apa zinadziwika kuti chimene chimalamulira selo la yisiti chimalamuliranso lathu. Mu 2001 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Leland Hartwell ndi Tim Hunt. Yisiti wakeyo, Schizosaccharomyces pombe, anapezeka koyamba mu 1893 mu mowa wa kuno kum'mawa kwa Africa.

Ndikanamuuza mnzangayo kuti khansa ndi kugawikana kopanda malire, n'kuthera pomwepo. Koma ife a ku Karonga tili ndi umboni wapafupi kuposa umenewo. Ndili mwana ndinkaona anthu akuluakulu a zala zoduka, ndipo ankati matenda a khatewo amabisala m'thupi zaka zambiri. Chifukwa chake n'choti kachilombo ka khate kamagawikana kamodzi pa masabata pafupifupi awiri, pomwe mabakiteriya ena amatero pa mphindi 20 zokha. Ka TB kamatenga pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo tina timangogona osagawikana konse. N'chifukwa chake wodwala TB amamwa mankhwala miyezi 6. Kumbali inayo kuli khansa ya Burkitt, ija imatupitsa nsagwada za ana m'madera a malungo, imene imatha kukula kuwirikiza kawiri m'masiku awiri okha. Matenda athu amayenda pa liwiro la kugawikana kwa selo. Tinganene bwanji kuti funsoli si lathu?

Chimene chikundivuta ndi ichi. Mankhwala oletsa mapuloteni a banja limene Nurse anatulukira alipodi; palbociclib, wa khansa ya m'mawere, anavomerezedwa ku America mu 2015. Koma mayi wa ku Kaporo kapena ku Nyungwe amupeza kuti, ndipo ndi ndalama ziti? Pa mfundo imeneyi mnzanga uja akunena zoona, ndipo sindingamutonthoze pomuuza kuti adikire.

Nditaganiza mofatsa, ndaona kuti mkangano wathu suli pa phindu la kafukufuku ayi. Uli pa amene amafunsa mafunsowo. Kuyambira 1979, pomwe Paul Fine ndi Jörg Pönnighaus anayambitsa kafukufuku wa khate ku Chilumba, anthu a boma lino apereka zambiri. Pakati pa 1986 ndi 1989, anthu oposa 120,000 analowa m'kafukufuku wa katemera, ndipo dziko lonse linaphunzira kuti kubwereza katemera wa BCG kumachepetsa khate ndi theka koma sikuteteza ku TB ya m'mapapo. Ntchitoyi ikupitirira pansi pa bungwe la MEIRU, yapulumutsa miyoyo, ndipo yaphunzitsa Amalawi ambiri. Ndimainyadira. Komabe tizilombo ta TB tochokera m'makhololo a ku Karonga titafunika kuwerengedwa majini ake onse, tinapita ku Sanger Institute, kufupi ndi Cambridge. Ife tazolowera kuwerenga odwala ndi kutolera magazi. Funso loti "chikuchitika n'chiyani mkati mwa selo" talisiyira ena, ndipo tayamba kukhulupirira kuti silitiyenera. Mawu a mnzanga aja ndi chipatso cha chizolowezi chimenechi, ndipo akuchipatsira ana mosadziwa.

Nurse sanabadwire m'banja lolemera. Analephera mayeso a Chifalansa kangapo, mayunivesite n'kumukana, moti anayamba wagwira ntchito mu labotale ya kampani yofulula mowa ya Guinness mpaka pulofesa wina ku Birmingham atamutsegulira njira. Ndimadzifunsa kuti mwana wotero wa ku Lupembe, wakhoza Biology koma wagwa Chingerezi, ndani angamuone n'kumufikitsa ku Mzuni, ku MUST kapena ku KUHeS.

Sindikupempha labotale ya mabiliyoni. Kansonga ka muzu wa anyezi, kadontho ka mankhwala opaka utoto ndi maikulosikopu imodzi yogwira ntchito n'zokwanira kuti mwana wa Fomu 3 aone ndi maso ake selo likugawika. Ambiri amangojambula chithunzi cha m'buku. Ndapempha mnzangayo kuti teremu ikubwerayi tibwereke maikulosikopu, anyezi ndigula ine pamsika wa pa boma.