SWAUMU YA MUNTHU WA NTCHITO YA THUKUTA

Timuyamike Allah amene watifikitsanso m'mwezi wa Ramadhani, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad.

Uthenga uno ndi wa inu amene mumadya za thukuta lanu: inu alovi okoka khoka, opalasa bwato, oumba njerwa, ocheka matabwa, olima mpunga m'madambo a ku Nkhotakota, ndi inu amayi osenza madengu a usipa kuchokera pa doko kukayanika pa thandala. Chaka ndi chaka funso lanu ndi lomwelo: "Shehe, ndifunga bwanji dzuwa likuswa mtengo, ana kunyumba akudikira ufa?" Mverani. Thupi lanulo ndi amana imene Allah anakusungitsani. Kufunga ndi faradhi, kusunga amana nakonso ndi faradhi. Tiyenera kusenza zonse ziwiri.

Kuno kwathu swaumu imatenga maola 13 kapena 14. Mweziwu umabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chili chonse. Mu 2025 unayamba kumayambiriro a Malichi, ndipo pofika 2036 udzagwa mu Okutobala, m'chilimwe cheni-cheni, monga zinalili mu 2004. Munthu wogwira ntchito yolemetsa pa dzuwa lotere atha kutaya lita yathunthu ya thukuta pa ola limodzi lokha. Choncho mdani wanu wamkulu ndi kutha kwa madzi m'thupi, kuposa njala.

Choyamba, musagonere daku. Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti m'chakudya chimenechi muli baraka, ndipo iye ankachidya Alfajiri itayandikira. Ena mumadya kamodzi mukachoka ku Tarawehe, basi mwagona mpaka kucha. Mukudzilanga nokha. Dzukani, idyani chakudya chokhalitsa m'mimba: nsima ya mgaiwa kapena ya kondowole ndi nyemba kapena nsomba, phala lotsira nsinjiro, mbatata, nthochi. Ndiwo zowawa mchere zisiyeni, zimaitana ludzu. Kapu ya tiyi payokha si daku ya munthu wokakoka khoka.

Chachiwiri, madzi. Musadikire daku kuti mudzamwe chigubu chonse nthawi imodzi. Imwani pang'ono-pang'ono kuyambira Magharibi, musanapite ku mzikiti, mukabwerako, ndi pa daku. Mkodzo ndiwo mboni yanu: ukakhala wochepa ndi woderako ngati tiyi, madzi achepa ndipo impso zikuvutika. Madziwo akhale owiritsa kapena othira kolorini. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatilanda abale ambiri m'mbali mwa nyanja muno, ndipo sitinaiwale.

Chachitatu, konzani nthawi ya ntchito. Yolemetsa igwireni mukangoswali Alfajiri, kusanatenthe. Dzuwa likafika paliombo khalani pa mthunzi, musoke ukonde, musule khasu, mugoneko pang'ono. Inu opha usipa ndi nyali usiku muli ndi mwayi, tengani chigubu cha madzi abwino m'boti, ndi daku yanu yomwe. Koma wogwira usiku ayenera kugona masana, pakuti tulo pa nyanja timapha. Kudzithira madzi kumutu sikumasula swaumu, Mtumiki (SAW) anachitapo zimenezi chifukwa cha kutentha. Chenjerani kokha kuti madzi asatsikire kukhosi. Akulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mwezi ndi wautali, musautsirize mphamvu tsiku limodzi.

Pomasula yambani ndi madzi ndi tende kapena chipatso chimene chilipo, muswali Magharibi, kenaka futari. Musaunjike mbale zitatu m'mimba imene yauma tsiku lonse.

Tsopano nayi nkhani yovuta. Ntchito yolemetsa payokha si chilolezo chosiyira kufunga. Musagone mutatsimikiza kale kuti mawa sindifunga. Mangani niya usiku, mudzuke muli pa swaumu, mupite ku ntchito. Koma mukayamba chizungulire chosaleka, mutu kuwawa kwambiri, kusanza, minofu kukokana, maso kuchita mdima, pamenepo mwasanduka wodwala. Ndime 184 ndi 185 za Surat al-Baqara zikumulola wodwala ndi wapaulendo kumasula n'kudzabweza masikuwo. Masulani, mudzabweza Ramadhani ikatha. Mnzanu akayamba kulankhula zosokonekera kapena akakomoka, m'gonekeni pa mthunzi, m'thireni madzi thupi lonse, m'kupizeni, ndipo thamangani naye ku chipatala. Ngati akutha kumeza m'patseni Thanzi ORS, kapena lita imodzi ya madzi owiritsa yosakaniza ndi masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Wokomoka musamuthire kanthu m'kamwa.

Ena amachita manyazi, ati anzanga andiseka. Kumbukirani chaka cha 8 cha Hijra, Asilamu ali pa ulendo wokatsegula Makka m'mwezi wa Ramadhani. Mtumiki (SAW) atamva kuti swaumu yawalemera anthu, anaitanitsa madzi, nawakweza kuti onse aone, namwa dzuwa lisanalowe. Ena amene anakakamirabe kufunga anawadzudzula. Iwo anali apaulendo, inde, koma phunziro lake latifika tonse: kukana chilolezo cha Allah moyo uli pa ngozi si taqwa. Kodi tingapose Mtumiki pa kuopa Allah?

Inu a matenda a shuga, a impso, othamanga magazi, ndi inu omwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaonaneni ndi achipatala mwezi usanayambe, musasiye mankhwala mwa inu nokha. Malungo akakugwirani imwani mankhwala m'nthawi yake, masiku mudzabweza. Nkhalamba ndi wodwala amene sayembekezeka kuchira apereke fidiya, kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lili lonse.

Potsiriza, inu eni makoka, eni maboti ndi eni mauvuni a njerwa. Alovi anuwo ndi abale anu, ndipo mudzafunsidwa za iwo pa tsiku la Kiyama. Apeputsireni ntchito mwezi uno, asinthireni nthawi, alipireni msanga kuti apeze futari ya ana awo. Musakhale pa mthunzi ndi tasbihi m'manja pamene mwana wa mnzanu akugwa pa mchenga chifukwa cha phindu lanu.

Allah atipatse mphamvu, alandire swaumu yathu ndi thukuta lathu, achize odwala athu, ndipo abweze kumtunda ali amoyo onse opita pa nyanja. Amin.

Wassalamu alaikum.