Kodi Okalamba Ayenera Kusiya Nyumba Yawo Yaikulu?

ANA atachoka panyumba, makolo ambiri amatsala ndi zipinda zopanda munthu, pamene mabanja achichepere akusoŵa pokhala. Polimbikitsa kusamuka, chiyambire 2018 boma la Australia limalola okalamba ogulitsa nyumba yawo kuika ndalama zofika madola 300,000 m’thumba lawo la penshoni. Pamenepa, kodi kukana kusamuka kuli dyera?

Osati kwenikweni. Zoonadi, makwerero ndi denga lodontha zimamlemetsa munthu wofooka. Komabe, mkazi wamasiye amene wasamuka angataye anansi amene amadera nkhaŵa ataona kuti makatani ake sanatsegulidwe mmaŵa. Chotero ana achikondi samakakamiza makolo awo. Mmalomwake, amakambitsirana nawo nkhaniyo adakali ndi nyonga, pakuti wokalamba woyembekezera kufikira atagwa ndi kuvulala kaŵirikaŵiri amasankhiridwa ndi ena kokakhala.