Ukadziwa kuti mawa chitsika mtengo, umuuze wogula?



Mu gemu ya World of Warcraft, osula ankakhetsa thukuta kuti apange nkhwangwa yotchedwa Arcanite Reaper. Inkafuna timitanda 20 ta chitsulo cha arcanite, pomwe wopanga chitsulocho ankatulutsa kamtanda kamodzi kokha pa masiku awiri. Mu Januwale 2007 kampani ya Blizzard inatulutsa The Burning Crusade, ndipo zida zongopatsidwa ukamaliza tintchito tating'ono zinaposa nkhwangwa ija. Mtengo wake unagwa.

Ndiye tiyerekeze wamva kale zoti kusinthaku kukubwera, wathamanga kukagulitsa katundu wako kwa mnzako amene sakudziwa. Walakwa? Ena amati ayi, nkhaniyo inali poyera pa intaneti, komanso golideyo ndi wa mu gemu basi. Koma mnzakoyo anamupeza golideyo ndi nthawi yake yeniyeni, mwina anachezera usiku osagona.

Kwa ine, kuika katundu pamsika pa mtengo wa tsikulo palibe mlandu, aliyense amagula mwakufuna kwake. Koma mnzako akakufunsa kuti "aise, ndigule?" iwe n'kuyankha kuti "gula" ukudziwa zomwe zikubwera, pamenepo wamudyera masuku pamutu, ngakhale ili gemu chabe.

Inu mukuona bwanji?