Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe

Akuluakulu amanena mwambi uwu podzudzula munthu amene akuseka kapena kunyalanyaza tsoka la mnzake. Tanthauzo lake n'lakuti mavuto sasankha khomo, ndipo amene wapulumuka lero asadzitame ngati wapulumuka chifukwa cha nzeru zake. Anthu a ku Phalombe safunika kuwamasulira zimenezi. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ndi anthu mazanamazana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsanso maliro ku Nkhulambe ndi madera ena. Koma pali tsoka lina lomwe silichokera kuphiri kapena kumitambo. Ndi tsoka lochita kukonzedwa ndi anthu: kusalidwa, kulandidwa, kumenyedwa popanda mlandu, kukwatiwitsidwa uli mwana. Pa tsoka lotere mwambiwu umaluma kwambiri, chifukwa napolo sapempha chilolezo kwa wina aliyense, pomwe nkhanza imakula pokhapokha oiona akatseka pakamwa. N'chifukwa chake ndikuti ana a Sitandade 6 mpaka Fomu 2 tiziwaphunzitsa ufulu ndi chilungamo poyambira pa mnzawo, osati pa iwo eni.

Phunziroli lilipo kale m'sukulu zathu. Mabuku a Social Studies ndi Life Skills amakamba za ufulu wachibadwidwe, ndipo mwana wa Sitandade 8 ku Migowi kapena ku Chiringa atha kukutchulirani m'Chingerezi ufulu wa maphunziro, wa moyo ndi wolankhula zakukhosi osapunthwa n'kamodzi komwe. Vuto n'lakuti amaloweza mndandandawo pofuna kukhoza mayeso a MANEB, m'chilankhulo chomwe salotamo, ndipo chilichonse pamndandandapo amachimva ngati katundu wake yekha. Akatuluka m'kalasi amadziwa zoyenera kulandira, koma sanafunsidwepo chomwe angachite akaona mnzake akumanidwa zomwezo. Ufulu wophunziridwa chonchi umatha msanga, chifukwa munthu amene akuponderezedwa kawirikawiri ndi amene alibe mphamvu yodziyankhulira. Chomwe chimamupulumutsa ndi pakamwa pa wina amene sanakhudzidwe. Dziko likakhala ndi anthu odziwa ufulu wawo okha, aliyense amalira yekha tsiku lake likafika.

Mphunzitsi wa ku Phalombe safunika kupita kutali kukafuna zitsanzo. Pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pankadutsa akapolo opita nawo kugombe la nyanja ya mchere, ndipo linga la Fort Lister linamangidwa pamenepo mu 1893 pofuna kutseka njirayo. Boma lomwelo la atsamunda lomwe linatseka njira ya akapolo linalola thangata m'minda ya azungu, ndipo amene anasenza kwambiri goli limeneli anali Alomwe othawa ulamuliro wankhanza wa Apwitikizi ku Mozambique. Popeza analibe malo awoawo, ankalipira pokhala ndi thukuta lawo, akunyozedwa ndi dzina loti Anguru. Ambiri mwa anthu amene anatsata John Chilembwe mu Januwale 1915 anali anthu otere, ndipo m'zaka za m'ma 1940 Lewis Bandawe ndi anzake anachita kulimbana kuti boma lisiye kugwiritsa ntchito dzina lonyozalo. Ana ambiri a m'boma lino ndi zidzukulu za alendo amenewo. Mwana akazindikira kuti agogo a agogo ake anali obwera osalidwa, funso loti kodi lero m'kalasi mwake wosalidwa ndani amadzifunsa yekha, ndipo yankho lake limakhala ndi dzina ndi nkhope.

Mbiri yaposachedwa ndiyo ikuonetsa poyera mmene mwambiwu umakwaniritsidwira. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, ku Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu anatseka misewu, anamenya ndi kupha anzawo powaganizira chabe, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma a Mulanje ndi Phalombe mu Okutobala chaka chimenecho. Woganiziridwa sankachita kusankhidwa mwa dongosolo lililonse: mlendo wodutsa, munthu wodwala misala, wazaumoyo wonyamula zida zake za ntchito, aliyense akanatha kulozedwa chala. Kuyambira cha m'ma 2014 abale athu achialubino akhalanso akusakidwa chifukwa cha bodza loti mafupa awo amalemeretsa. Nkhani ziwirizi muzu wake ndi umodzi, womwe ndi kuvomereza kuti pali munthu wina amene moyo wake ndi wopepuka. Mwana wa zaka 13 atha kumvetsa bwino lomwe kuti lamulo loti munthu asalangidwe asanamvedwe silinaikidwe pofuna kuteteza mbava. Linaikidwa chifukwa gulu likapsa mtima silifunsa dzina, ndipo amene waponya mwala lero alibe chomuteteza tsiku lomwe chala chidzaloze iye.

Malamulo oteteza ana tili nawo okwanira. Chaputala 4 cha malamulo aakulu a dziko lino a 1994 chimatsimikiza kuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa lamulo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana linabwera mu 2010, la maukwati mu 2015, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu kuti pasakhalenso ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Komabe lamulo lilibe maso. Mtsikana wa Sitandade 7 akasowa m'kalasi chifukwa amulowetsa m'banja, kapena mnyamata akanyengedwa kuwoloka malire kukagwira ntchito m'minda ya ku Mozambique, monga zimachitikira m'madera a m'malire a boma lino, woyamba kudziwa si wapolisi kapena woweruza milandu. Ndi mnzake wokhala naye desiki imodzi. Ngati mnzakeyo anaphunzitsidwa kuti nkhaniyo ikumukhudza, ndipo akudziwa kuti atha kuuza aphunzitsi aakulu, gulu la amayi a pasukulu, amfumu, apolisi, kapena kuimba nambala yaulere ya 116, lamulo limafika pakhomo nthawi isanathe. Akapanda kudziwa, lamulolo limathera m'mabuku ku Lilongwe.

Makolo ambiri anena kuti ufulu ndiwo wawononga ana, kuti chibwerere demokalase mwana sadzudzulika ndipo ukamutuma amakuyankha za ufulu wake. Dandauloli si lopanda pake, ndipo aphunzitsi asalipeputse. Koma tikaliunika bwino, chomwe makolowa akudana nacho ndi ufulu womwe uja wophunzitsidwa theka, wa "ine ndekha". Mwana amene waphunzira kuti mnzake ali ndi ufulu waphunziranso pomwepo kuti iye ali ndi malire. Amadziwa kuti mayi ake nawonso ndi munthu woyenera kupuma, kuti mlongo wake sanabadwire kutunga madzi pamene iye akuwerenga, kuti gogo wa tsidya lija si mfiti chifukwa chakuti wakalamba. Zimenezi si mwambo wachilendo. Makolo omwewo ndi amene amati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo pabwalo la mfumu mlandu sugamulidwa mbali imodzi isanayankhule. Kuchotsa phunziro la ufulu sikungabwezeretse ulemu. Chofunika ndi kuliphunzitsa lathunthu, ndiponso m'Chichewa kapena m'Chilomwe pamene pakufunika kutero, kuti mwana akathe kukambirana ndi makolo ake madzulo.

Ena anena kuti ana a msinkhu umenewu ndi aang'ono, ndipo nkhani zotere zilowetsa ndale m'kalasi. Koma nkhanza sizidikira kuti mwana akule. Msinkhu womwe tikuuona ngati wanthetewu ndi umene ana amalowa kuchinamwali, amayamba maganyu, amafunsiridwa, ndiponso ambiri amalekeza sukulu. Woti angakwatiwitsidwe sangakhale wamng'ono pa kumva kuti kukwatiwitsidwako n'kulakwa. Tsiku la mwana wa mu Africa, lomwe timakumbukira pa 16 Juni, linachokera pa ana a sukulu a ku Soweto amene mu 1976 anakana kuphunzitsidwa mokakamizidwa m'chilankhulo cha Afrikaans. Kuno kwathu, mu Meyi 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti kukaniza ana achirasita m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko. Mlandu umenewu ndi wabwino kuukambirana m'kalasi chifukwa sukhudza chipani chilichonse, ndipo umafunsa mwana funso lovuta: kodi ungaikire kumbuyo munthu amene chipembedzo chake sugwirizana nacho? Ndale za chipani zimaphunzitsa kukonda wako. Phunziro ili limaphunzitsa kuchitira chilungamo amene si wako.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse chimaloza mwambi weniweniwo. Wina atha kunena kuti mwambiwu umangoopseza, ndipo kuopsezako nthawi zina n'kwabodza. Mnyamata sadzatenga mimba, ndipo mwana amene si wachialubino sadzasakidwa chifukwa cha mafupa ake. Nanga "mawa" lake lili pati? Yankho n'lakuti chobwerera si tsoka lomwelo, koma chizolowezi chomwe chinalola tsokalo. Mudzi womwe wazolowera kukhala chete mwana wachialubino akasowa udzakhalanso chete mwana wamasiye akalandidwa munda, wodwala akabedwa mankhwala kuchipatala, kapena dzina la wosauka likafufutidwa pamndandanda wa olandira chimanga cha chithandizo. Chetechete ameneyu sasankha mlandu. N'zoona kuti chilungamo chozikidwa pa mantha okha n'chosakhwima, ndipo cholinga chathu n'chakuti mwana adzafike poteteza mnzake ngakhale iye sapindulapo kanthu. Koma munthu amayamba kumva ululu wa wina podziyerekeza ali pamalo pakepo, ndipo mwambiwu umamuika pamalo amenewo.

Zonsezi zimagwa ngati sukuluyo payokha ilibe chilungamo. Mphunzitsi amene m'mawa amalemba pabolodi za kufanana kwa anthu, masana n'kulanga kalasi lonse chifukwa cha mwana mmodzi, kapena kukondera mwana wa munthu wodziwika, waphunzitsa maphunziro awiri, ndipo ana adzasunga lachiwirilo. Choncho ntchito iyambe ndi zomwe sizifuna ndalama. Ana asankhe okha atsogoleri a m'kalasi mwa voti. Wolakwa amvedwe asanalangidwe. Kusesa ndi kutunga madzi kugawidwe mofanana pakati pa anyamata ndi atsikana. Mwana akajomba sabata yathunthu, kalasi lifunse komwe ali, ndipo komiti ya sukulu ikayendere kwawo. Alangizi a maphunziro akamayendera sukulu za kwa Nazombe, kwa Mkhumba kapena kwa Jenala, asamangowerenga ana amene akhoza funso la ufulu pamayeso. Afunsenso kuti chaka chimenecho ndi ana angati amene anabwerera m'kalasi chifukwa anzawo anakawanenera.