Maganizo Akakana Kugona

Mawu a lero ndi anu, inu amene usiku wathawu tulo sitinabwere. Munatumiza uthenga kwa mnzanu pa WhatsApp, timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu, koma yankho ziii. Pofika 2 koloko usiku munali mutaweruza kale mlandu wonse: wakwiya nane, ndinalankhula zopusa, ndine munthu wolephera. Kutacha mnzanuyo akuyankha kuti anawerenga ali m'minibasi, foni n'kuthima, kunyumba magetsi kulibe. Inu mwataya usiku wathunthu.

Aliyense amaganiza kwambiri nthawi zina, koma kwa munthu wamkulu amene ali ndi ADHD vutoli lili ndi mizu yake. ADHD si ulesi, si kuchepa chikhulupiriro, ndipo palibe anakulodzani. Ndi mmene ubongo umagwirira ntchito kuyambira ubwana. Dokotala wa ana George Still anafotokoza za ana osadekha ndi ovutika kuika mtima pa chinthu ku London mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankati mwana akakula zimatha zokha. Kwa ambiri sizitha. Buku la madokotala a matenda a maganizo ku America, DSM-5, lomwe linatuluka mu 2013, limati akuluakulu pafupifupi 25 mwa 1,000 aliwonse ali ndi ADHD. Simuli nokha.

Anthu amati munthu wa ADHD satha kuika mtima pa chinthu. Akanadziwa! Chovuta chenicheni ndi kuwongolera maganizo: kuwaika pomwe mukufuna, komanso kuwachotsa pomwe akakamira. Mu 2001 katswiri wa ubongo Marcus Raichle ndi anzake anafotokoza za mbali za ubongo zimene zimayamba kalikiliki munthu akangokhala phee, kukumbukira zakale ndi kulingalira za mawa. Kafukufuku wasonyeza kuti kwa anthu a ADHD mbali zimenezi sizizima msanga ngakhale pamene munthu akufuna kugwira ntchito ina. Onjezani pamenepo zaka zonse zimene munamva mawu akuti "ndiwe wosamva," "umangoiwala zilizonse," "tadekha iwe." Mutu ukafuna chokuimbani nacho mlandu, susowa.

Tsono lekani kudzikalipira kuti "siya kuganiza." Galimoto ikatitimira m'matope nthawi ya dzinja, dalaivala akamaponda moto matayala amangozungulira pamodzimodzi, dzenje n'kumakula. Wanzeru amatsika, kuika miyala ndi nthambi pansi pa tayala, n'kuitana anthu adzakankhe. Kuganizira nkhani yomweyo kachikwi kumaoneka ngati mukuikonza, pamene mukungozama. Susan Nolen-Hoeksema, amene anali mphunzitsi wa pa yunivesite ya Yale ndipo anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, anapeza kuti kubwerezabwereza maganizo owawa kumatalikitsa kukhumudwa, ndipo kumafooketsa munthu pothetsa mavuto ake.

Yambani ndi kope la m'thumba ndi cholembera. Ganizo likabwera, lilembeni m'mawu ochepa: "lendi," "zimene ndinanena kwa apongozi." Mutu wa ADHD umagwiritsitsa zinthu poopa kuziiwala, ndiye zikakhala papepala umapeza mpata wopuma. Kenaka lipatseni ganizolo nthawi yake. Njira imeneyi anaifotokoza Thomas Borkovec ndi anzake mu 1983: sankhani nthawi imodzi tsiku lililonse, pamalo amodzi, yoti mudandaule mmene mungathere. Tinene 5 koloko madzulo pakhonde, osati pabedi. Tcherani alamu pafoni, mphindi 20 zikatha tsekani kope. Nkhawa ikagogoda 10 koloko m'mawa, iuzeni kuti, "Ndakuona, tikumana madzulo." Poyamba zimaoneka zoseketsa. Zichiteni mlungu wonse muone kuti zina zimene munalemba m'mawa, pofika madzulo zimakhala zitaphwa zokha.

Pa nthawi yodandaulayo samalani funso limene mukudzifunsa. "N'chifukwa chiyani ndili chonchi?" ndi funso lopanda mapeto, mukhoza kukalamba nalo. Edward Watkins wa pa yunivesite ya Exeter amaphunzitsa anthu kufunsa zogwirika: chinachitika n'chiyani kwenikweni, ndipo ndichite chiyani tsopano? Yankho lake limakhala laling'ono, monga kuimba foni n'kufunsa kuti, "Achimwene, dzulo ndinakulakwirani?" Mphindi ziwiri, nkhani yatha.

Maganizo akakanirirabe, dzukani. Sesani pabwalo, chapani malaya, yendani wapansi mpaka pagolosale. Ubongo uwu umamvera manja ndi miyendo kuposa malamulo. Ngati mumapemphera, pempherani motulutsa mawu kapena lembani pempherolo, chifukwa la mumtima limasochera msanga n'kubwerera ku nkhawa yomwe ija.

Pali nthawi imene kope ndi tsache sizikwanira. Mukaona kuti milungu ikupita osagona bwino, chakudya sichikulowa, ntchito yaima, pitani kuchipatala mukafotokoze zonse osabisa. Ku Malawi kuno thandizo la matenda a maganizo limapezeka ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo kuchipatala cha boma cha m'dera lanu akhoza kukulozerani koyenera. Mankhwala a ADHD monga methylphenidate amathandiza ambiri, koma ayenera kulembedwa ndi dokotala atakupimani, osati kugawiridwa ndi mnzanu. Ngati zafika poganiza zodzipha, musadikire mawa: uzani m'bale wanu lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala.

Enanu, musanatuluke m'nyumba m'mawa uno, ikani kope m'thumba ndipo tcherani alamu ya 5 koloko.